Kamera Sinawaone Ba Whiteson

Mu Kafue mukafunsa za Lighton Sakala, anthu sakuuzani za nkhope yake, amakuuzani za makwerero. Ndi uja amamanga makwerero pa njinga, amatero, uja wa makamera wa ku Nangongwe. Ndipo sanama. Munthuyu theka la moyo wake walithera m'mwamba, mphuno ili pakhoma la eni ake, waya ali kukamwa, moti masiku ano akamatsika amayamba wakambirana kaye ndi mawondo ake.

Anabadwira ku nyumba za njanji, anaphunzira zamagetsi, n'kugwira ntchito pa fakitale ina ku Industrial mpaka chaka chimene anawasonkhanitsa onse pabwalo n'kuwauza kuti zinthu sizikuyenda. Kuchokera apo anakonzako mawailesi. Mawailesi atasowa eni, anakwera madenga kumanga madishi a TV. Madishi atakwana nyumba iliyonse, anapita ku Lusaka kukaphunzira makamera kwa mnzake wina wa kusukulu, imvi zili mbuu kale. Ntchito iliyonse imene Lighton waphunzira imamufera m'manja iye asanapume n'komwe. Zimenezi amazinena yekha, osati modandaula ayi, koma ngati munthu amene akukuuzani kuti mvula yachedwa.

Iye amati kukhoma kamera pakhoma si ntchito, aliyense wokhala ndi dirilo angathe. Ntchito ndi kuiphunzitsa choti iziopa. Kamera, abale, ilibe nzeru. Imangoyerekeza chithunzi cha tsopano ndi cha kanthawi kapitako, zikasiyana imakuwa pa foni ya mwini nyumba kuti kwabwera munthu, ndipo pamenepo ndi pamene imayamba kujambula. Zikapanda kusiyana imakhala duu, sisunga kanthu. Nanga mu Kafue muno chimene sichiyenda n'chiyani? Masamba a mango akuyenda, nkhuku zikuyenda, zovala pachingwe zikuvina, mthunzi wa mtambo ukudutsa pabwalo, kangaude naye m'dziko lonseli malo amene wawakonda ndi pagalasi penipeni pa kamera. Mvula ikayamba kumabwera inswa, ngumbi zouluka zija, ndiye foni imalira mpaka mwini wake kufuna kukaiponya mu mtsinje.

Tsono makasitomala ake, makamaka a ku Kafue Estates amene amalawirira ku Lusaka n'kubwerako dzuwa litalowa, amamuimbira pa zifukwa ziwiri. Choyamba amati, ba Lighton, chinthu chanu chikulira kwambiri. Iye amapita, amakwera, amaiziziritsa mtima kamerayo kuti isamadzidzimuke ndi zilizonse, amadetsa ndi chala pa foni malo amene isamayang'aneko, monga mtengo ndi chingwe cha zovala. Chachiwiri amati, ba Lighton, atibera batire ya galimoto, chinthu chanu chinali kuti? Pakati pa kulira kwambiri ndi kusalira konse pali kamalo kang'onong'ono, ndipo Lighton wakalambira kufunafuna kamalo kameneko. Mayi wina anamangitsa kamera kuti agwire akawalala, ndiye kuti akuba, m'malo mwake inagwira mwamuna wake akulowa ku chipinda cha wantchito. Mlandu unagwera Lighton, ati analozetsa kamera kumene sanamutume.

Mwambo wake akamaliza kumanga ndi umodzi: sakhulupirira kamera imene sanaiyese ndi miyendo yake. Amapatsa mwini nyumba foni, iye n'kutuluka pageti. Amalowa akuyenda ngati mlendo, amalowanso akuthamanga, kenaka atawerama motsata mpanda, pena mpaka kukwawa pansi, bambo wa imvi zake, ana a eni nyumba akufa nako kuseka. Foni ikalira ponseponse amasasa fumbi n'kunena kuti manje yadziwa nchito. Pa zimenezi palibe angamunene. Kawalala aliyense amene Lighton anamuganizira, kamera zake zimamuona.

Kunyumba kwake kunalibe kamera. Woumba mbiya amaphikira m'phale, komanso akanalondera chiyani, mipando yakutha ndi filiji yongolira? Amakhala ndi mkazi wake Prudence, amene amagulitsa tomato ndi kapenta pa kantemba kumsika. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Mtendere, anakwatiwa ku Kabwe. M'chipinda cha kumbuyo, chimene chitseko chake chimayang'ana kubwalo, mumagona atate ake a Lighton, ba Whiteson.

Ba Whiteson anachoka ku Katete ali mnyamata kudzafuna ntchito ya njanji, ndipo ntchito imene anaipeza inali ya kuyenda. M'mawa uliwonse ankatenga nyundo ndi sipanala yaitali n'kutsata njanji wapansi, kugogoda apa, kumanga nati apo, kuona ngati mvula yakokolola miyala, mpaka kumlatho ndi kupitirira. Anayenda choncho mpaka kupuma pa ntchito. Akazi awo atamwalira anasamukira kwa Lighton, ndipo kwa zaka ndithu anali nkhalamba yosavutitsa, yokonda tiyi wa shuga wambiri ndi kukangana ndi wailesi. Kenaka mutu unayamba kutaya zinthu. Unataya mayina a anthu, unataya chaka, unataya ngakhale maliro a akazi awo, moti ankafunsa kuti kodi mayiyu sanabwerebe kuchigayo. Koma miyendo sinataye kanthu. Miyendo inkadziwabe kuti kukacha munthu amapita kukayendera njanji.

Ulendo woyamba anawapeza atakhala pa siteshoni, akudikira kapitawo amene anafa kalekale. Anthu anaseka, Lighton nayenso anaseka. Ulendo wachiwiri anasochera, anakalowa pabwalo la anthu osawadziwa n'kuyamba kugogoda paipi ya madzi ndi ndodo yawo. Apo sipanasekedwe. Mwini nyumbayo anawaperekeza bwinobwino, komatu anamukokera Lighton pambali n'kumuuza kuti asamale. Anati masiku ano nkhalamba yopezeka pabwalo la eni ake saifunsa dzina, anthu amangoti ndi mfiti, ndeke yake yatha mafuta.

Prudence ndiye anali pamoto. Iye ndi mpongozi. Sangawagwire dzanja apongozi ake aamuna, sangaime pageti kuwatchinga, ngakhale kuwakwezera mawu sangathe. Akawaona avala chijasi chawo chakale cha kunjanji ankangogwada chapatali n'kunena kuti tiyi wapsa, mwina angaiwale ulendo. Nanga iye akapita kumsika? Kukiya geti anayesa, koma geti lawo ndi la ulemu chabe, mpanda wake ndi wa maluwa. Ba Whiteson atapeza geti lokiya anangodutsa m'maluwamo, n'kudzikanda manja onse. Choncho tsiku lina atamaliza kudya, Prudence anatulutsa za kukhosi. Anati chitseko cha atate chiikidwe loko kunja, m'mawa aziwatsekera ndi chakudya chawo, madzi ndi ndowa, masana iye akabwera kudzaphika aziwatsegulira.

Lighton anasiya kusamba m'manja.

“Ba tate si mbuzi,” anatero. “Munthu uja anayenda njanji yonse iyi kuti ine niphunzire. Nikabakhomera mu nyumba ine mwana wabo, Mulungu azanifunsa chani?”

Prudence anayankha mofatsa kuti Mulungu yemweyo adzafunsanso akadzawapeza atagendedwa pabwalo la eni ake. Koma Lighton anali atalumbira kale kuti iye ali moyo loko sadzaikidwa pa chitseko chimenecho. Kodi si iye amene amamangira anthu maso mu Kafue monse? Adzamanga kamera, atate akangonyamuka kulowera kugeti foni idzalira, iye adzakwera njinga n'kuwapeza asanafike ndi pamsewu pomwe. Prudence anangotola mbale, chifukwa amamudziwa mwamuna wake kuti akafika potchula Mulungu ndiye kuti makutu watseka.

Anatenga kamera ina imene kasitomala anaitaya atagula yatsopano, anaipezera batire kuti malaiti akapita isagone, n'kuikhoma pakona pansi pa denga. Kuchokera pamenepo inkaona chitseko cha atate, mpando wawo pansi pa mango, ndi bwalo lonse mpaka kugeti. Ba Whiteson anaonerera ntchito yonseyo ali pampando, kenaka anafunsa kuti kachinthuko n'kachiyani. Lighton, ali pamwamba pa makwerero, anati ndi ka akawalala. Mkuluyo anavomereza kwambiri, nati dziko laipa, anthu afika pomasula ndi manati a njanji omwe, ndipo analonjeza kuti nayenso azithandiza kuyang'anira. Lighton anachita manyazi, koma anameza.

Sabata yoyamba inali chilango. Foni ikalira iye ankatsika makwerero, kupalasa njinga dzuwa lili pamutu kuchoka ku Estates mpaka ku Nangongwe, kukapeza tambala wa aneba akuyenda monyada pabwalo, atate akuwodzera. Pa foni akanatha kuona ndithu, koma netiweki ya kwawoko imabweretsa chithunzi pamene yafunira, ndipo munthu amene bambo ake angatayike sadikira kazungulire kaja kozungulira pa foni. Tsiku lina chinali chitenje cha Prudence pachingwe. Tsiku lina mthunzi wa mango, umene umasuntha pang'onopang'ono kutsata dzuwa. Kasitomala wina anatopa naye, anamuuza kuti ngati ali ndi ntchito ina kunyumba anene, apeze munthu wina. Mawondo anatupa. Usiku ankamva foni ikulira kutulo, akadzuka n'kupeza ili chete.

Ndiye anachita zimene amachitira aliyense. Anadetsa mtengo, anadetsa chingwe, anaiziziritsa mtima kamerayo. Tambala anailizabe foni, iye anaziziritsanso. Mthunzi unailizabe, anaziziritsanso kachikena, mpaka zonsezo zinatha. Loweruka masana anampatsa Prudence foni n'kuyamba mwambo wake uja. Anayenda kuchoka pa chitseko cha atate kufika kugeti, foni inalira. Anathamanga, inalira. Anawerama, anakwawa, inalira ponseponse. Anaimirira akusasa fumbi, nkhope ikuwala.

“Kawalala mwamugwira, bashi Mtendere,” anatero Prudence ali pakhonde. “Manje ba tate? Bauzeni bayendeko naiwo, tione.”

Lighton anayang'ana kumpando. Atate ake anali m'tulo, chibwano chili pachifuwa. Munthu ungayambe bwanji kuwauza bambo ako kuti nyamukani, pitani kugeti, bwererani, pitaninso? Iye chibadwire sanawatumepo ngakhale kapu ya madzi. Ndipo akanafunsa chifukwa, akanawayankha chiyani, poti anawauza kuti kamerayo ndi ya akawalala? Anamuuza mkazi wake kuti munthu ndi munthu, kamera imene yamuona iye idzawaonanso iwo.

Koma Lighton iwe, mmisiri wa zaka zonsezi. Iwe amene umakwawa m'fumbi kunyumba za eni ake kuti usaphonye kanthu, kwanu kwenikweni unasiya chinthu chimodzi chokhacho chimene unamangira kamerayo. Sunali ulesi, unali ulemu, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imapweteka.

Masabata angapo anapita mwamtendere. Foni inkalira Prudence akamatuluka m'mawa, n'kuliranso akamalowa masana, basi. Lighton anayamba kugona tulo. Anafika pouza makasitomala kuti kunyumba kwake kuli kamera imene imadziwa kusiyanitsa tambala ndi munthu, ndipo ankanena monyadira ndithu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Linali tsiku la mu Okutobala, kutentha koti malata akuchita kulira okha. Lighton anali pamwamba pa makwerero ku Estates, akukokera waya pansi pa denga la nyumba ina. Chitulukireni Prudence, foni inali chete m'mawa wonse. Dzuwa lili paliwombo inalira kamodzi, iye nati ameneyo ndi Prudence walowa kudzaphika, osaitulutsa n'komwe m'thumba. Posakhalitsa Prudence yemweyo anaimba. Anati mpando ulibe munthu, chijasi palibe pa msomali, geti lili pululu, tiyi wa m'mawa wazizirira m'kapu.

Lighton anati sizingatheke. Ali pomwepo pa makwerero anatsegula zimene kamera inasunga tsikulo iye atachoka pakhomo. Zinali ziwiri zokha. Choyamba, Prudence akutuluka ndi beseni pamutu, kumbuyo kwake atate ali pampando, kapu ili m'manja. Chachiwiri, Prudence akulowa, mpando uli wokha. Pakati pake panalibe kanthu, ngati kuti munthu anangosungunuka.

Anamvetsa nthawi yomweyo. Anaona m'maganizo mmene atate ake amayendera masiku ano. Amakoka phazi limodzi, n'kupuma. Amasuntha ndodo, n'kupuma. Amaima kuyang'ana pansi ngati akuona nati yomasuka, kenaka phazi linalo. Chijasi chawo chinasuluka kalekale, chili ndi mtundu wa fumbi la pabwalo lomwelo. Munthu woyenda choncho sasintha chithunzi mokwanira. Amasuntha ngati mthunzi wa mango uja, ndipo anali Lighton yemwe, ndi chala chake, amene anaiphunzitsa kamera kuti chinthu choyenda chotero si kanthu.

Anasiya makwerero ali chiimire pakhoma la kasitomala. Anapita ku siteshoni, kunalibe. Anatsata njanji akukankha njinga pa miyala, kufunsa aliyense: amayi ogulitsa madzi ozizira, anyamata owotcherera zitsulo, wolondera pa geti la fakitale ina. Onse anali pomwepo kuyambira m'mawa, koma palibe anakumbukira nkhalamba ya chijasi. Anthu nawonso maso awo amathamangira chothamanga. Anafika mpaka kumlatho, anayang'ana madzi, n'kuchotsako maso msanga. Malaya anamata pamsana, lilime linauma, koma sanaganize zomwa madzi. Ankangopempha chinthu chimodzi, kuti awapeze pa njanji, osati pabwalo la munthu.

Dzuwa litapendeka Prudence anaimbanso. Anati ba Choolwe, mayi wogulitsa nsomba amene amaimba naye kwaya, amuimbira kuti Lighton athamange ku nyumba za kufupi ndi mtsinje.

Anaona gulu la anthu asanaone atate ake. Ambiri anali atakweza mafoni m'mwamba, akujambula. Pakati pawo ba Whiteson anali khale pansi, nsapato imodzi palibe, mlomo wotupa ukutuluka magazi, dzanja la chijasi litang'ambika. Pamwamba pawo panaima ba Choolwe, mayi wamkulu thupi, manja ali m'chiuno, akutukwana gulu lonselo m'Chitonga ndi m'Chinyanja mosinthanasinthana. Iwo ndi amene anamuuza Lighton mmene zinayendera. Mkuluyo anapezeka kuseri kwa nyumba ina akugogoda thanki ya madzi. Atamufunsa kumene wachokera, anayankha zoona zake kuti ku Katete. Basi, anthu anati mwamva nokha, kuchoka ku Katete kufika kuno ndi nsapato zopanda matope, wabwera pa chiyani? Ba Choolwe akanapanda kudutsa ndi beseni lawo la nsomba n'kuzindikira nkhope, nkhani ikanakhala ina.

Lighton sanamenye munthu, sanatukwane. Ukali unalipo, koma mphamvu zoukalira zinali zitatha. Anagwada, anawapukuta atate ake pakamwa ndi malaya ake, anawakweza pa kaliyala pamene pamakhala makwerero, n'kuyamba kukankha njinga. Anthu anapatuka okha, ena akubisa mafoni. Njira yonse ba Whiteson ankamuuza kuti njanji yaonongeka kwambiri, manati ambiri ndi omasuka, ndipo mawa akanene kwa kapitawo. Lighton ankangoti inde ba tate, misozi ikusakanikirana ndi thukuta.

Kunyumba Prudence anatenthetsa madzi n'kuwaika pakhomo, Lighton anawasambitsa atate ake. Mayiyo sananene kuti ndinakuuzani. Akanatero bwenzi zili bwino, munthu ukanapeza poyambira mkangano. Anangophika phala lofewa chifukwa cha mlomo uja, n'kuligawa mwakachetechete.

M'mawa mwake Lighton sanapite ku ntchito. Anali asanagonje. Anati kulakwa kunali kwake, osati kwa kamera, ndipo akonza. Anabwereka mpando wautali kwa aneba, anapukuta galasi, anaibwezera kamerayo mantha ake ena, kenaka anachita chimene anachikana poyamba. Anapita pansi pa mango n'kugwada pambali pa atate ake.

Matenda amenewa ali ndi nkhanza yake. Pena amachoka kwa kanthawi, munthu n'kubwerera yense, maso ali gwa. M'mawa umenewo ba Whiteson anali atabwerera. Anamutchula Lighton dzina, anafunsa za Mtendere, ndipo ankagwiragwira mlomo wawo ngati akuufunsa chimene chinachitika.

“Ba tate, nipempha muyendeko kuchoka apa kufika pa geti,” anatero Lighton, maso ali pansi. “Nifuna kuyesa kamera.”

Mkuluyo anayang'ana kamerayo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mwana wake.

“Unaniuza kuti ni ya bakawalala.”

Mkuluyo anayang'ananso kamerayo.

“Kansi kawalala wake ndine.”

Sananene mokwiya. Anagwira mpando n'kudzuka. Lighton anatambasula dzanja kuti awathandize, iwo analikankha. Ndodo anaisiya itatsamira mpando. Anamanga mabatani a chijasi chong'ambikacho mpaka kukhosi, anawongola msana umene sunawongoke kwa zaka, anakweza chibwano, n'kuyamba kuyenda. Abale, anayenda. Mikono ikuponyedwa, phazi likutsika ndi mphamvu, ngati tsiku limene akuluakulu a njanji abwera kudzayendera antchito. Asanafike pakati pa bwalo foni inalira m'manja mwa Lighton. Anafika pageti, anatembenuka mwaulemu wake, n'kubwerera chimodzimodzi, foni ikulirabe. Prudence, amene anaima pakhomo la khitchini, anatembenukira kukhoma n'kudziphimba ndi chitenje.

Lighton ankadziwa kuti mayeso amenewa ndi opanda pake. Munthu amene kamera yamuona si amene amatuluka pageti. Uyu ndi Whiteson wa njanji, amene wadziwa kuti mwana wake akumuyang'ana ndipo safuna kuoneka wakutha. Amene amatuluka ndi wina, wokoka phazi, wosadziwa chaka, ndipo ameneyo sungamuitane kuti adzayesedwe.

Ba Whiteson anagwera pampando akupumira m'mwamba, thukuta lili kamukamu. Anafunsa ngati yawaona, Lighton anati yawaona bwino kwambiri. Iwo anapukusa mutu.

“Yaniona chifukwa nenze kudziwa,” anatero mpweya utabwerera. “Koma kuyenda kuja kukanibwelela, ine sinidziwa. Na iyo sizadziwa.”

Lighton anayamba kulankhula mofulumira ngati mmene amachitira ndi kasitomala wokwiya. Anati agula kamera yatsopano, zija zimene zimazindikira thupi la munthu. Aikanso ina pageti penipeni. Aika kabelu, aika waya, alankhula ndi aneba. Polankhulapo ankadzimva yekha kuti akunama. Akaibwezera mantha onse, tambala ndi mthunzi zibwerera, ndipo tsiku lina adzatopa n'kusiya foni m'thumba monga anachitira dzulo. Ngakhale italira pa nthawi yake, iye adzakhala pamwamba pa denga la munthu kutsidya kwa tauni, ndi mawondo omwewa. Atate ake anamusiya mpaka mawu anamuthera.

“Ika loko, mwana wanga,” anatero. “Osati mailo. Lelo, pamene nikali kudziwa chamene nikamba.”

Lighton anapita wapansi ku shopu ya zitsulo, njinga anaiiwala. Wogulitsa anamufunsa moseka ngati makamera asiya kugwira ntchito, poti mmisiri wake wayamba kugula maloko. Iye anangomwetulira pang'ono. Anasankha loko wamng'ono, ngati kuti kuchepa kwake kuchepetsa kanthu, ndi chitsulo chokolekapo loko, ndi masikuluu ake m'kapepala.

Atabwerako anapeza atate ake atasuntha mpando okha kufika pa chitseko chawo. Anati ntchito ya anthu awiri imafulumira. Anatambasula chikhatho, Lighton anakhuthulira masikuluu m'menemo, n'kugwada kunja kwa chitseko ndi dirilo yake. Ankaboola, atate n'kumupatsa sikuluu imodzi, iye n'kumanga. Mkuluyo ankayang'anitsitsa ntchitoyo n'kumamulangiza kuti alimbitse, chifukwa chinthu chomasuka chimapha anthu. Lighton ankalimbitsa. Kawiri konse dirilo inaterera n'kukanda thabwa.

Itatsala sikuluu yomaliza anatambasula dzanja osacheuka, koma sinabwere. Anacheuka. Atate ake anali ataifumbata, akuyang'ana chitseko, akuyang'ana chitsulo chatsopanocho, ndipo maso aja anali atapitanso kutali. Anamwetulira mwaulemu ngati munthu amene wapeza mmisiri wachilendo akugwira ntchito pakhomo la eni ake.

“Nchito yabwino, bambo,” anatero. “Manje amene tikhomera muno ni ndani?”

Lighton anawafumbatula zala pang'onopang'ono, anatenga sikuluuyo, n'kuimanga mpaka inalimba.